Mwana wanga wamkazi akukana kunena nkhani ya mphaka

Aphungu,

Ndikulemba ndili chiimire kukhitchini poti kukhala pansi kwandikanika. Chiyambire mwezi wa Marichi sindinakhalepo ndi mphamvu ngati zomwe ndili nazo sabata ino. Ndachapa makatani, ndapukuta mawindo onse, ndipo dzulo ndangozindikira ndikuimba ndili panjinga pochokera kogula zinthu. Ndapeza njira yobweretsera mwana wanga kunyumba. Chatsala n'chimodzi chokha, ndiye chomwe ndikufuna mundithandize: mlongo wake akukana kuchita mbali yake.

Mwana wanga wamwamuna, Wessel, ali ndi zaka 16. Akusungidwa kumalo kotsekerako achinyamata, akudikira mlandu. Akuti anapha mnzake wa m'kalasi. Zinachitikira pa shedi ya njinga kusukulu kwawo ataweruka. Anakangana, Wessel ali ndi tcheni chokhomera njinga m'manja, mwana winayo anagwa n'kumenyetsa mutu pa chitsulo choimikapo njinga, ndipo anakamwalirira kuchipatala. Woimira boma pamlandu akuti Wessel anamumenya ndi tchenicho mwadala. Wessel sakunena kanthu. Ngakhale loya wake akamufunsa amangoti, "Sindikudziwa." Ife tikapita kukamuona amafunsa za mpira ndi za mvula basi.

Khoti linalamula kuti akatswiri amuyeze maganizo mlandu usanayambe. Yemwe amacheza naye kwambiri ndi katswiri wa zamaganizo, mayi Oosterhuis, munthu wochepa thupi, wovala nsapato zothamangira, wolankhula motsitsa moti umachita kusendeza mpando. Posachedwapa anatiitana, ine ndi mwamuna wanga Wiebe. Anati, "Ntchito yanga si kufufuza ngati anapalamula kapena ayi. Ine ndikufuna kudziwa kuti Wessel ndi munthu wotani, ndiponso kuti maganizo ake anali bwanji tsiku limenelo. Tikapeza kuti pali vuto lomwe linathandizira, woweruza atha kusankha chithandizo m'malo mwa chilango chokha."

Aphungu, ine ndinangomva mawu anayi okha. Chithandizo m'malo mwa chilango. Ananenanso zina pambuyo pake, zambiri ndithu, koma makutu anga anali atakhuta kale. Musitima pobwerera ndinamukoka Wiebe malaya. Ndinati, "Wamva? Akapezeka wodwala sapita kundende." Iye anati, "Tineke, sananene choncho." Ndinati, "Ananena momwemo, iwe makutu ako anawonongeka ndi makina a kufakitale." Anangoyang'ana ng'ombe pawindo mpaka tinafika.

Vuto n'lakuti Wessel sanadwalepo matenda a maganizo. Ndi mwana wamba. Kusukulu ankakhoza pakatikati, Loweruka ankagwira pagolo, madzulo ena ankapanga ganyu yosanja katundu m'sitolo. Ndinafufuza m'mutu mwanga chiyambire tsiku lomwe anabadwa, osapezamo chilichonse chachilendo kupatula kuti sadya phwetekere. Ndiye ndinaganiza kuti ngati mayiyo akufunafuna vuto, ife apabanja ndi amene tiyenera kumuthandiza kulipeza. Wapempha kale kuti adzacheze ndi achibale. Akubwera kunyumba kuno Lachinayi.

Loweruka lapitali linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa Wiebe. Iye sankafuna chilichonse chaka chino, koma ine ndinati ayi, tichita monga mwa nthawi zonse. Ndinakankhira tebulo kukhoma, n'kundanda mipando mozungulira pabalaza. Keke ya maapulo, khofi, pambuyo pake tchizi ndi soseji. Anabwera apongozi anga, mchimwene wa Wiebe dzina lake Siebren, mchemwali wanga, ndi mwana wathu woyamba Nienke, wa zaka 20, yemwe akuphunzira unamwino mumzinda wa Groningen. Monga mwa mwambo wathu kuno, aliyense polowa anazungulira bwalo lonse la mipandolo, kugwira chanza mmodzimmodzi, kumufunira zabwino chifukwa cha Wiebe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatchula Wessel. Mpando wake ndinali nditauika, manja anangochita okha. Apongozi anaikapo chikwama chawo.

Keke itatha ndinaimirira pakati pa bwalo. Mukudziwa nokha kuti munthu saimirira pamenepo, ndiye onse ananditembenukira, mafoloko m'mwamba. Ndinawafotokozera zomwe ananena mayi Oosterhuis, kenako ndinagawa nkhani kutsata mipando, momwe imayendera mbale ya tchizi. Apongozi akanene kuti Wessel ali wamng'ono ankamenyetsa mutu kukhoma akakwiya. Anavomera pomwepo, misozi ili mbwee. Mchemwali wanga akanene kuti anamugwirapo kangapo akuyatsa moto kuseri kwa galaja. Siebren akanene kuti pa tchuthi cha chaka chatha, titagona m'matenti, anamumva akuyankhana ndi anthu osaoneka. Siebren anachita kusisita manja. Anati, "Ndiwonjezere kuti maso ake anali psuu?" Ndinati, "Osawonjezera kanthu, Siebren, izi si nkhani zako za nsomba zomwe zimakula chaka chilichonse." Anthu anaseka. Aphungu, m'nyumba muno munamveka kuseka, koyamba chiyambire Marichi.

Nkhani yaikulu ndinasungira Nienke. Tinali ndi mphaka, Pluis, yemwe anafa Wessel ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anafa ndi ukalamba, impso zinali zitasiya kugwira ntchito. Tsiku limenelo ine ndi Wiebe tinali kuntchito, ana awiriwa ndi amene anamupeza kuseri kwa makina ochapira. Wessel anamukulunga ndi sikafu yake ya timu, anakumba yekha dzenje pansi pa mtengo wa maapulo kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa mwake anakana kupita kusukulu. Ine ndinawerenga kuti akatswiri amatchera khutu kwambiri akamva za mwana wozunza nyama. Ndiye Nienke angonena kuti anamuona akumupotokola khosi mphakayo. Ayenera kukhala iyeyo, poti ndi yekhayo amene analipo.

Nienke anaika foloko pambale pang'onopang'ono. Anati, "Mama, Pluis anafa ndi impso." Ndinati, "Ndani akukana? Ine ndikunena zoti ukanene Lachinayi." Anati, "Ngati mayiyo akufuna kumudziwa Wessel, ndikamuuza za matayala." Apo Wiebe anadzuka kuti akatenge khofi wina, chonsecho makapu onse anali odzaza.

Za matayala ndi izi. Kuyambira sukulu itatsegulira chaka chatha, Wessel ankabwera kunyumba akukankha njinga, tayala litaphwa, pafupifupi sabata iliyonse. Wiebe anati mnyamata wa msinkhu umenewo amamata yekha tayala lake, anamupatsa zigamba ndi beseni la madzi, n'kumulozera ku shedi. Wessel ankamata osadandaula. Kenako anasiya njira yachidule n'kumazungulira ya m'mbali mwa ngalande, ndipo buledi wake wa masana ankabwerera m'bokosi osalumako. Ine ndinkati ndi msinkhu. Nienke akuti tsiku lina anamupeza m'shedimo, anaona tayalalo. Anatero pamaso pa onse, "Galasi la mumsewu silidula tayala m'mbali, Mama. Uja unali mpeni." Akuti Wessel anamulumbiritsa kuti asauze munthu.

Inu mukuona, Aphungu, chifukwa chake nkhani imeneyi siyenera kutuluka. Akamva kuti wina ankamudulira matayala adzati ndiye anali ndi chifukwa, anasunga mangawa, tcheni chija anachigwira atakonzekera. Nkhani ya matayala ikumukankhira kundende. Ya mphaka ikumubweretsa kunyumba. Ndinamuuza Nienke zimenezi momveka bwino. Ndinati, "Ukufuna mlongo wako akakalambire kumeneko chifukwa cha mphaka wofa kalekale?" Iye anavala jekete n'kupita kusiteshoni, osatsanzika ngakhale agogo ake. Foni sakuyankha. Wangotumiza uthenga umodzi: "Lachinayi ndibwera. Ndidzanena zomwe ndinaona."

Ena onse akonzeka. Apongozi akuyeserera pafoni ndi mchemwali wanga tsiku lililonse. Ine ndayala kale bedi la Wessel, ndagula tichokoleti towaza pa buledi tomwe amakonda, ndipo makatani a pabalaza omwe tinatseka m'Marichi ndawatsegula, aliyense wodutsa ayang'ane ngati akufuna. Ndikuona kuti pofika Disembala atha kukhala ali kuno, akumapita kwa madokotala masana panjinga n'kumabwerera kudzagona kwawo.

Ndimunyengerere bwanji Nienke? Kapena ndimuimbire mayi Oosterhuis ndimuuze kuti mwanayo ali ndi mayeso, sangabwere? Ndimamukonda Nienke, koma pakadali pano ndamukwiyira koopsa. Chonde yankhani msanga.

T.H., Meppel

Mayi T.H.,

Khalani pansi kaye. Kokani mpando umodzi mwa ija munandanda ija, mukhalepo, chifukwa zomwe nditi ndinene si zomwe mwapempha.

Amuna anu analondola musitima muja. Mayi Oosterhuis sananene kuti mwana akapezeka wodwala amabwerera kwawo. Inu munamva mawu oyamba, otsatira munawasiya pampando. Ine si loya, koma izi ndikudziwa: chithandizo chomwe woweruza amalamula pa mlandu womwe munthu anafa, kawirikawiri si chopita masana panjinga. Chimakhala cha kumalo otsekedwa. Chilango cha kundende ya achinyamata chimakhala ndi tsiku lothera lodziwika, pamene chithandizo chokakamiza chimatha kuwonjezeredwa ngati akatswiri akuona kuti mwanayo akadali woopsa kwa ena. Tsopano taonani mwana yemwe mwamuumba pa bwalo la keke lija. Amamenyetsa mutu kukhoma, amayatsa moto, amayankhana ndi anthu osaoneka, anapotokola mphaka khosi. Mukanakhala woweruza inuyo, mwana ameneyo mukanamutumiza kunyumba m'Disembala? Mawa m'mawa, musanapukute windo lina, imbirani loya wa Wessel. Mufunseni kuti chimachitika n'chiyani lipoti la akatswiriwo likati mwana ali ndi vuto lalikulu ndipo angathe kuchitanso. Mverani yankho mpaka kumapeto ulendo uno, ndipo Wiebe akhale pomwepo.

Komanso musaganize kuti nkhani zanuzo zidzaima. Anthu awa samva mbali imodzi. Amafunsa kusukulu, amatha kufunsa dokotala wa banja, amacheza ndi mwanayo maola ambiri. Mwana womenyetsa mutu kukhoma yemwe dokotala sanamumvepo, mphunzitsi sanamuonepo? Ndipo Siebren adzawonjezera maso ofiira aja, inu mukumudziwa kuposa ine. Bodza limodzi likagwidwa, mayiyo adzayamba kukayikira chilichonse chochokera m'nyumba mwanu, kuphatikizapo zoona zomwe zikanamuthandiza Wessel. Mungadziikenso inuyo ndi apongozi anu okalambawo m'mavuto omwe simunawaganizire.

Za matayala sindikunamizani. Mantha anu si opanda pake, nkhaniyo itha kumveka mbali ziwiri, ndipo sindingakulonjezeni kuti idzamupeputsira mlandu. N'chifukwa chake loya ayenera kuimva Lachinayi lisanafike, kuchokera kwa Nienke mwini, kuti akulangizeni kanenedwe kake. Ngati pali funso lomwe simukufuna kuyankha, mutha kumuuza mayiyo kuti simuyankha. Kukhala chete ndi kupeka nkhani si chinthu chimodzi. Koma ndikuuzeni zomwe ndaona ine. M'kalata yanu yonse, malo okhawo omwe ndakumana ndi Wessel ndi m'shedi muja, ataweramira beseni la madzi, akumata tayala lomwe akudziwa kuti sabata ya mawa lidulidwanso, osauza munthu. Mnyamata amene anakhala chete miyezi yonseyo ndi yemweyo akuti "Sindikudziwa" lero. Ngati pali chomwe katswiri wa zamaganizo akufunika kumva, ndi chimenecho. Amene ankadula matayalawo simukumudziwa, ndiye musakalozere munthu chala. Kanenani zomwe munaona basi: njinga yokankha, njira ya kungalande, buledi wobwerera.

Tsopano ntchito. Imbirani apongozi, mchemwali wanu ndi Siebren, mmodzimmodzi, lero lomwe. Auzeni kuti zomwe munagawa Loweruka zathetsedwa, aliyense akanene zomwe akukumbukiradi, ngakhale zitakhala zoti mwanayo sadya phwetekere. Siebren mumuuze kawiri. Mayi Oosterhuis musawanamize za mayeso. Nienke musamunyengerere, mupepeseni. Ngati sakuyankha foni, kwerani sitima, Groningen si kutali. Mwanayu wasenza chinsinsi cha mlongo wake kuyambira asanamwalire munthu, ndipo mosakayika amadzifunsa kuti zikanatha bwanji akanaulula msanga. Pamwamba pa katundu ameneyo inu mwamuikira wina, pamaso pa agogo ake. Iye amamukonda Wessel ngati inu nomwe.

Muyang'anenso amuna anu. Munthu sadzuka kukatenga khofi makapu ali odzaza popanda chomupweteka. Iye ndi amene anapereka zigamba ndi beseni lija, ndipo ndikukhulupirira kuti amaliona tsiku lililonse akamakatenga njinga yake. Musamuimbe mlandu, sanadziwe, monganso inu simunadziwe. Koma musamusiye yekha nazo.

Pali china chomwe ndachiona, ndipo ndichinena mosapsatira. Kalata yanu yatchula dzina la mphaka, koma mwana yemwe anamwalira mwangoti "mwana winayo". Ndikumvetsa, dzinalo ndi lolemera kukamwa. Koma m'tauni yanu yomweyo muli nyumba ina yomwe nawonso amandanda mipando, ndipo mpando wawo wopanda munthu sudzakhalanso ndi mwini. Sindikuti mupite kumeneko, nthawi yake sinakwane ndipo loya angakuletseni. Ndikuti Lachinayi mudzamutchule dzina. Wessel adzafunika kulitchula tsiku lina, kaya khoti ligamule zotani, ndipo zidzamuvuta ngati kwawo palibe amene analitchulapo.

Mphamvu zomwe muli nazo sabata inozi, zochapa makatani ndi kuimba panjinga, sindikuzinyoza. Mayi amene wakhala miyezi yambiri manja ali lende akapeza chochita amachigwira ndi manja awiri. Koma zikadzaphwa mudzagwa kwambiri, choncho kaonaneni ndi dokotala wa banja lanu sabata yomwe ino, mumuuze mmene mukugonera ndi mmene mukudyera. Makataniwo asiyeni otsegula. Bedi lisiyeni loyala. Za Disembala zokha zichotseni m'mutu, chifukwa palibe amene angakulonjezeni mwezi.

Chenjezo langa lomaliza ndi ili, ndipo ngati mungaiwale zonse kumbukirani ili lokha. Lipoti la akatswiri silipita kwa woweruza mobisa. Amakhala naye pansi mwanayo n'kukambirana zomwe alemba, ndipo loya wake amakhala nalo. Wessel adzamva zomwe mwanena. Pakadali pano, kumene aliko, nyuzipepala zamuuza kuti iye ndani, woimira boma wamuuza, mwina nayenso wayamba kukhulupirira. Chomwe chamutsalira n'chakuti kwawo kuli anthu amene akumudziwa kuyambira kale. Ndiye taganizani ali m'kachipinda ndi mayi Oosterhuis, akumva kuti malinga ndi mlongo wake, mogwirizana ndi amayi ake, iye anapotokola Pluis khosi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Iye akudziwa kuti sikafu yake ili pansi pa mtengo wa maapulo. Akudziwanso kuti inu mukudziwa.

Lachinayi mayiyo akamaliza khofi, mutulukireni naye kuseri kwa nyumba. Muonetseni shedi, kenako mtengowo, ndipo mumuuze yemwe anakumba dzenjelo.

Phungu wanu